Tsiku Limene Ndinagwadira Asipanishi ku Hamilton

Uthenga unandipeza pansi penipeni pa nyumba yathu yosanja ku Scarborough, kuno ku Canada, m'chipinda cha makina ochapira, ndikupinda shiti, mbali ina ndaigwira ndi mano. Foni inalira m'thumba la juzi. Anali Tadala, mdzukulu wanga woyamba, mwana wa mwana wanga Mwayi. Chichewa chake chimayenda motsimphina, koma tsiku limenelo chinathamanga: "Agogo, ndapasa. Buku langa alivomera. Ndine dokotala tsopano."

Si dokotala wa jakisoni ayi. Ndi dokotala wa mbiri yakale, wa anthu amene anasiya kale kufuna mankhwala. Ine shiti ija pansi. Nthungululu inatuluka yokha, inagunda makina, inagunda denga, inakwera masitepe. Mayi wina wa ku Filipinzi amene ankapinda matawulo pafupi anathamanga kudzandigwira, ankayesa ndapsa ndi makina oumitsira. Ndinavina, anzanga, ndinavina mozungulira basiketi ya zovala, ndinavina mpaka mpweya unandithera.

Buku la Tadala likunena za mudzi wina wa anthu otchedwa Achumashi, a m'mphepete mwa nyanja yamchere ku California, ndi mmene zombo za Asipanishi zinafikira pagombe pawo. Dzina la Achumashi analimva kwa ine ali kamwana, chifukwa ndi limodzi mwa mawu owerengeka amene ndinatuluka nawo m'sukulu. N'chifukwa chake nditakhala pa benchi kuti ndipume, chimwemwe chinasendera pang'ono, ndipo china chake chakale chinabwera n'kukhala nane pa benchi pomwepo. Ndilemba chimenecho. Ndimalemba pang'onopang'ono ngati nkhuku yoyenda m'matope, mundipirire.

Ndikukumbukira Hamilton wa zaka za m'ma 1970. Utsi wa mafakitale a zitsulo unkadzuka m'mawa ife tisanadzuke. Mphepo ikachokera kunyanja, mzinda wonse unkanunkha mazira owola, ndipo matewera amene ndinkayanika oyera ndinkawaanula ali ndi timadontho takuda. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Achemwali anga aakulu, a Rozina, ndi amuna awo, alamu anga a Wilisoni, ananditenga kwathu ku Nkhotakota kuti ndizikalera khanda lawo, Chikondi. Alamu ankaphunzira udokotala, achemwali ankakolopa m'chipatala. Kwathu ndinali nditalekeza Sitandade 2. Amayi pondiperekeza anandiuza zinthu zitatu: kwa eni ake uzimva, uzigwada, usamayankhe. Za sukulu palibe amene anatchula.

Sukulu anandipezera ndi gogo wina wa ku Italiya wa nyumba yoyang'anana nafe. Ankandiona tsiku ndi tsiku pakhonde, mwana kumbuyo m'chitenje, nthawi imene ana onse ali m'kalasi. Sindikudziwa anakanena kuti. Ndinangoona mayi wa boma wafika ndi chikwama, wakhala pampando wa alamu, akulemba. Alamu anachita mantha ndi mapepala awo okhalira m'dziko lino. Lolemba lotsatira ndinali pa sukulu, khanda atalisiya kwa gogo yemwe uja, achemwali akudandaula. Ndinadziwa kuyambira tsiku loyamba kuti sukulu yanga yaima pa mwendo umodzi. Ndinkayenda mosamala ngati wasenza mtsuko wodzaza.

Anandiika m'kalasi ya ana a zaka zisanu ndi zinayi. Miyendo yanga sinkakwana pansi pa desiki. Ana ankawerenga mabuku onenepa, ine ndinkatsata zilembo ndi chala ngati ndikutola nyerere. Koma ndinkaikonda, mayo ndinkaikonda. Ndinkakonda fungo la choko, fungo la majasi onyowa pa zokolekera, kulira kwa mapaipi otenthetsa m'kalasi. Ndinkakonda kuti pa desiki panga panamatidwa pepala lolembedwa ENERESI, ndipo palibe amene ankanditumira madzi.

Aphunzitsi athu anali Mayi Lorena, wamtali, watsitsi lofika m'chiuno. Nawonso anali mlendo. Anachoka ku California ndi amuna awo amene anakana kupita kunkhondo, ndipo kuzizira kukayamba ankaima pawindo ngati nkhuku yonyowa. Mwezi umene masamba amafiira, buku linati tiphunzire za azungu oyenda pa zombo amene ankati ankatulukira mayiko. Mayi Lorena anatseka bukulo. Anati tiyambe ndi anthu amene anali pagombe.

Anazimitsa magetsi n'kuyatsa kamakina koonetsa zithunzi pakhoma. Chizungu changa chinali chochepa, koma maso alibe chilankhulo chovuta. Ndinaona nyumba zozungulira zofolera ndi udzu. Ndinaona mabwato a matabwa osokedwa ndi zingwe, m'mipata atamata phula lakuda limene limatuluka lokha pansi kumeneko. Ndinaona mikanda ya zigoba za m'nyanja. Anati awa ndi Achumashi, ndipo iwo anakulira pafupi ndi pamene panali mudzi wawo umodzi, moti ali mwana ankatola tizigoba m'munda mwa bambo awo osadziwa kuti akuponda pa mabwalo a anthu.

Kenako panabwera chithunzi cha mayi atakhala pansi, mtondo wamwala pakati pa miyendo, munsi m'manja, lichero pambali.

Ndinaimirira osadziwa kuti ndaimirira. Ana anaseka. Ine ndinaloza pakhoma n'kunena m'Chichewa chenicheni kuti, "Akusinja."

M'mawa mwake Mayi Lorena anatitenga kupaki kukatola mtedza wa mitengo ya oki, uja wovala kachipewa umene agologolo amakwirira. Anati ndicho chinali chakudya cha Achumashi. Tinadzaza ndowa ziwiri. M'kalasi anabweretsa miyala ndi dengu lathyathyathya, kuti ana ayese. Anzanga, munthu ukanaseka mpaka kugwa. Mtedza unkauluka ngati zipolopolo. Mnyamata wina anadzisinja chala. Mtsikana wina pofuna kupeta anamwaza zonse m'tsitsi la mnzake. Ine ndinapirira, ndinapirira, kenako manja anandiyabwa. Ndinakhala pansi, ndinakunga siketi, ndinaswa, ndinasenda, ndinasinja. Ndinatenga dengu lija n'kuyamba kupeta, tsa, tsa, tsa, makoko uko, ufa kuno. Ana onse anasiya zawo n'kundiyang'ana.

Ndinalawa ufawo. Unamanga lilime, kuwawa kwake kofika m'makutu. Ndinaulavula n'kunena ndi Chizungu changa chothyokathyoka kuti uwu sadya chonchi, uwu umafuna madzi, madzi ambiri, masiku. Amayi ankatero ndi chinangwa chowawa, kuchiviika mpaka ululu utachoka. Mayi Lorena anandiyang'ana nthawi yaitali. Anatsegula buku lawo lalikulu n'kuonetsa ana chithunzi cha mayi akuthira madzi pa ufa woyalidwa pa mchenga. Anati, "Eneresi sanawerenge zimenezi. Akuzidziwa." Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba mapazi osagunda pansi. Ndinaimbira khanda, ndinaimbira mbale, ndinaimbira tsache: Achumashi, Achumashi, abale anga osinja.

Basi Mayi Lorena anaganiza zoti tichite sewero pamaso pa makolo. Anyamata anapanga chombo cha makatoni, zipewa za mapepala onyezimira, malupanga a matabwa. Ife tinapanga bwato n'kulipaka utoto wakuda m'mipata. Ine anandisankha kukhala mtsogoleri wa mudzi, amene adzapereke dengu la ufa kwa mkulu wa chombo. Anandifotokozera katatu, atandigwira mapewa. Anati anthu amenewa sanathawe zombo, anapalasa mabwato awo kukazichingamira. Anali kwawo. Alendo ndiwo anali ndi njala ndi ludzu. Tsono iwe uime chilili, mutu m'mwamba, umuyang'ane m'maso, upereke ngati mwini mudzi, unene kuti, "Muli m'dziko lathu. Idyani." Mawu amenewo ndinawaloweza m'bafa, m'basi, pochapa matewera.

Pokonzekera sizinkavuta n'komwe. Mkulu wa chombo anali Devidi, kamnyamata ka mamina kofika m'khwapa mwanga. Kuyang'ana Devidi m'maso inali ntchito yanji? Ndinkachita kuwerama kuti ndimupeze.

Mayi Lorena anatilonjezanso kuti sewero likatha, sabata yotsatira adzatiuza chimene chinachitikira mudziwo zombo zitapita. Anati nkhaniyo ndi yolemetsa, adzatiuza titakhala pansi bwinobwino.

Tsiku la sewero linali Lachisanu masana, chipale chofewa choyamba chikugwa. Holo inadzaza. Achemwali anapempha kuchoka msanga kuntchito. Alamu nawo anabwera, atavala suti yawo ya bulauni, n'kukhala pafupi ndi dokotala wina wachizungu amene ankawaphunzitsa, yemwe mwana wake anali m'gulu la chombo. Ine ndinali kuseri kwa nsalu, wopanda nsapato, nditavala diresi ya chiguduli ndi mikanda ya makaroni. Mtima unkagunda, koma unkagunda mokoma.

Ndiye Devidi anasanza. Mantha, kapena masiwiti, kaya. Anasanza m'chipewa chake chomwe, amayi ake n'kumutenga. Panalibe mwana wina woloweza mawu ake. Ahedi a sukulu, bambo wamkulu wa imvi, wa ndevu zake zenizeni, anaseka n'kunena kuti palibe vuto, alowa ndi iwo. Anavala chikhoti chakuda, anatenga lupanga lathabwa, anakwera m'chombo cha makatoni. Makolo anaomba m'manja.

Nsalu inatseguka. Tinapalasa bwato lathu. Ndinatsika ndi dengu. Ndinayenda masitepe anayi monga tinaphunzirira. Ndinakweza maso, ndipo pamene pankakhala mamina a Devidi panali lamba wa munthu wamkulu.

Inu amene munakulira kwathu mukudziwa. Mwana wamkazi sapereka chinthu kwa bambo wa imvi ataima. Samuyang'ana m'maso. Zimenezi sizikhala m'mutu kuti uziganize, zimakhala m'mawondo. Mutu wanga unkanena mawu a Mayi Lorena, ima chilili, ima chilili, koma mawondo anali atamva kale mawu a amayi. Ndinapezeka ndili pansi. Ndinagwada mawondo onse awiri, ndinaweramitsa mutu, ndinakweza dengu ndi manja awiri. Ahedi atalandira, ndinaomba m'manja katatu, mwaulemu, monga timachitira. Mawu anga aja, muli m'dziko lathu, sanatuluke. Anatsalira pakhosi mpaka lero.

Holo inasangalala kwabasi. Ena anati aaa, ngati aona kamwana ka mphaka. Ena anaseka. Kamera inang'anima. Ahedi, posadziwa chochita, anandisisita pamutu. Ndili pansi pomwepo ndinaona Mayi Lorena m'mbali mwa nsalu atagwira pakamwa. Sanakwiye. Nkhope yawo inali ya munthu amene waona mbale ikugwa ali kutali.

Potuluka, dokotala wachizungu uja anagwira alamu paphewa, ine ndili pomwepo. Anati, "Zokongola kwambiri. Kwanu mumatero eti? Ndiye inu bwanji simutigwadira m'wodi?" Anaseka, ankayesa nthabwala. Alamu nawo anaseka. Ndinaona mano awo onse, ndipo ndinadziwa kuti zanga zada.

Tinakwera basi. Tinakwera masitepe. Alamu atavula jasi ndi pamene anatembenuka.

"Ine ndawoloka nyanja kudzaonetsa anthu awa kuti tili ndi mutu. Zaka zitatu ndikudzuka usiku, ndikupirira zonena zawo. Iwe tsiku limodzi, wavala chiguduli, wakagwada pamaso pa mzinda wonse."

Achemwali anati, "Bambo a Chikondi, mwanayu wachita zimene anaphunzitsidwa kwathu."

"Ndiye azichita kuno. Kumeneko akupita kukatani, kukatisandutsa zidole?"

Nthawi ya chakudya itakwana ndinatenga beseni ndi jagi, ndinapita pamene anakhala alamu, ndinagwada kuti asambe m'manja. Anasamba. Sanaone chachilendo chilichonse.

Lolemba anati ndili ndi chifuwa, ndisapite. Ndinalibe chifuwa. Lachiwiri chimodzimodzi. Achemwali anakatenga khanda kwa gogo wa ku Italiya n'kundibwezera kumsana. Alamu analemba kalata kusukulu yonena kuti mwana uja akubwerera ku Afirika, makolo ake amufuna.

Loweruka lake masana kunamveka kugogoda. Achemwali anasuzumira pawindo, n'kundikankhira kuchipinda ndi khanda. "Ukhale chete, wamva?" Ndinamva chitseko chikutseguka. Ndinamva mawu a Mayi Lorena. Ankafunsa ngati ndanyamuka kale, ankafuna kunditsanzika, ankafuna kundiuza kuti cholakwa chinali chawo, sanaganize bwino zosintha mwana ndi munthu wamkulu. Achemwali anati ndinanyamuka dzulo. Pakati pa ine ndi aphunzitsi anga panali thabwa limodzi lopyapyala, loti ngakhale kuyetsemula kukanamveka. Ndikanatsokomola. Ndikanatsina khanda kuti lilire iwo n'kufunsa kuti ali nalo ndani. Ndikanangotsegula. Ndinaima pamenepo ndikugwedeza mwana wa eni ake kuti asalire, ndikumugwedeza bwino kwambiri, mpaka nsapato za Mayi Lorena zinatsika masitepe n'kuzimirira.

Chimenechi ndicho chimandiwawa kuposa kugwada kuja. Palibe amene ananditseka pakamwa. Anangondiuza kuti ndikhale chete, ine n'kukhala chete.

Chaka chitatembenuka alamu anapeza malo pachipatala china, tinasamukira ku Scarborough, m'nyumba yosanja, pamwamba kwambiri. Kumeneko kulibe khonde loyang'anana ndi gogo aliyense. Munthu ukhoza kukhala zaka khumi, woyandikana naye osadziwa ngati uli ndi mutu umodzi kapena iwiri. M'mawa ndinkaima pawindo kuona mabasi achikasu akunyamula ana, ang'onoang'ono ngati mikanda. Ndinalera Chikondi, ndinalera wachiwiri, wachitatu, wachinayi. Onse anayi ndinawaperekeza pageti ya sukulu, onse anayi ali ndi madigiri. Sukulu yanga yonse ya ku Canada inali miyezi itatu. Nditakula ndinalowa ntchito yosamalira okalamba, kusambitsa, kudyetsa, kutembenuza. Fomu ikabwera ndinkati magalasi ndaiwala kunyumba. Zaka makumi atatu ndikuiwala magalasi amene ndinalibe.

Ndipo theka lachiwiri la nkhani ija, limene Mayi Lorena analonjeza, sindinalimve. Kwa ine Achumashi anatsala pagombe, dengu m'manja, zombo zikuchoka. Ndinkaganiza kuti mwina zinawathera bwino. Amene anadzandiuza ndi Tadala, tili pa tebulo la kukhitchini, iye akusakaniza Chizungu ndi Chichewa, ine ndikusenda anyezi. Anati zombo zoyamba zinadya, zinamwa, zinapita. Patapita zaka zoposa mazana awiri kunabwera ansembe ndi asilikali, ndipo amenewo sanapite. Anamanga mishoni, anapachika belu. Anthu anachotsedwa m'midzi kukaumba njerwa ndi kuweta ng'ombe za eni, kudzuka ndi belu, kudya ndi belu, kugwada ndi belu. Chikuku ndi matenda ena zinalowa, ana anatha ngati masamba. Mudzi uja unatsala zigoba m'nthaka. Ndinafunsa kuti ndiye anatha onse? Anati ayi agogo, alipo, ndakhala nawo, ndadya nawo, akusokanso mabwato aja ndipo akuphunzitsa ana chilankhulo chawo. Mayi wina wa kumeneko ndi amene anamuuza zoti alembe ndi zoti asalembe. Ndinalira, ndinanamizira anyezi.

Zinthu zasintha, sindikana. Tadala amayang'ana aliyense m'maso, ngakhale abusa, ngakhale apolisi. Amandipatsa tiyi ataima, dzanja limodzi, lina lili pa foni. Anzanga a kutchalitchi amadandaula kuti ana a kuno alibe mwambo. Ine ndimangoti inde, inde, koma sindinamuphunzitse kugwada, ndipo amayi ake atafuna kumuphunzitsa ndinati musiyeni.

Phwando tinachitira mu holo ya tchalitchi ku Mississauga, Loweruka masana. Achemwali a Rozina anatisiya kale, Mulungu awasunge. Alamu a Wilisoni alipo, ali pa njinga ya olumala, mutu wonse mbuu. Monga mkulu wa banja anawapatsa maikolofoni. Anayankhula bwino, Chizungu chosalala. Anati banja lathu lakhala likukhulupirira maphunziro a mwana wamkazi kuyambira kale. Anthu anaomba m'manja. Ndinawayang'ana kuti ndione ngati akukumbukira. Sakukumbukira, anzanga. Ndinayang'anitsitsa. Kwa iwo linali Lachisanu wamba.

Ine ndinadzuka, ndinamanga chitenje, ndinayambitsa nyimbo asanamalize bwino, ndipo holo yonse inanditsata, maikolofoni n'kutsala yokha. Ndinaimba mpaka mawu anasasa. Amene anabwera kudzasangalala nafe ndiwalemba ndekha, ndi dzanja langa, ngakhale zinditengere mpaka mawa.

Anabwera Mwayi mwana wanga ndi amuna ake a Yohane. Anabwera Chikondi, khanda lija, ali ndi imvi tsopano, ndi azibale ake Limbani, Thoko ndi Madalitso. Anabwera amayi a Dalitso a ku Hamilton ndi mapoto awo awiri a mpunga. Anabwera a Nabanda, a Nangozo, a Naphiri aang'ono ndi a Naphiri aakulu. Anabwera a Mwansa ndi akazi awo, a ku Zambia, amene amavina kuposa ife. Anabwera abusa ndi amayi busa. Anabwera Grasiya, Edina ndi Fanesi, anzanga a shifiti ya m'mawa. Anabwera Mariya wa ku Filipinzi, wa matawulo uja. Anabwera Pempho, Tiyamike, Yamikani ndi kakhanda ka Thoko kamene sikanapatsidwe dzina. Anabwera alamu a Wilisoni. Ndi Dokotala Tadala, Dokotala Tadala, mwana wa Mwayi, mdzukulu wa Eneresi.